Kodi pulogalamu yaulere ya mu ofesi tingaitsatse bwanji kuti anthu aikhulupirire?

Funso ili lachokera kwa bambo wina amene ali ndi kashopu kosindikiza mapepala ndi kukonza makompyuta ku Rosettenville, kum'mwera kwa mzinda wa Johannesburg. Iwo alemba kuti akhala akuika LibreOffice, pulogalamu yaulere yogwira ntchito ngati za Microsoft Office, m'makompyuta a makasitomala awo ndipo akufunitsitsa kuti Amalawi ambiri okhala kuno aidziwe. Anasindikiza maposita olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti "Pulogalamu ya mu ofesi yaulere", n'kumata pakhomo pa shopu ndi kutchalitchi, koma patha miyezi iwiri popanda munthu wobwera kudzafunsa. Akufuna kudziwa pamene analakwitsa ndi mmene angakonzere uthenga wina.

Bambo, pulogalamu imene mwasankha ndi yabwino ndipo cholinga chanu ndachilemekeza kwambiri, koma ndikuuzeni mosabisa kuti vuto lagona pa liwu limene munaliika patsogolo, loti "yaulere". Munthu amene amakwera taxi pa Bree kapena kudutsa pafupi ndi Park Station m'mawa uliwonse amaona timapepala tomatidwa pa mapolo a magetsi, pa makoma ndi pa mabini a zinyalala, tina tolonjeza kubweza mkazi amene anathawa, tina ndalama za ngongole zotuluka tsiku lomwelo, tina ntchito yopanda kufunsidwa mapepala. Maso ake anazolowera kudumpha lonjezo lililonse lokoma mopitirira muyeso, chifukwa mzinda uno unamuphunzitsa, mwina atataya kale ndalama, kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Posita yanu itanena za ulere popanda kufotokoza china chilichonse, inalowa yokha m'gulu la timapepala timeneto, ngakhale kuti zimene munalemba zinali zoona.

Pali chifukwa chinanso chimene anthu okonda mapulogalamu amenewa sachedwa kuchiiwala. Timaganiza kuti tikupikisana ndi Microsoft Office yogula, pamene kwa anthu athu ambiri mdani weniweni ndi Microsoft Office yosalipiridwa laisensi. Laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito imene munthu wagula m'tauni nthawi zambiri imabwera Word ndi Excel zili kale m'kati, ndipo mwini wake sanatulutsepo randi ngakhale imodzi pa mapulogalamu amenewo. Mukamuuza kuti muli ndi chinthu chaulere, mumtima amayankha kuti chaulere ali nacho kale. Chimene chimamupweteka ndi china: chenjezo lotuluka pamwamba pa sikirini loti pulogalamuyo sinatsimikizidwe, tsiku limene imakana kuti alembe kapena kusintha kalikonse pamene kalata ikufunika mawa lake, ndi mavayirasi amene amalowera limodzi ndi timapulogalamu tothyolera laisensi. Inu amene mumakonza makompyuta mwaziona zimenezi kambirimbiri patebulo lanu. Choncho mawu amene ali ndi mphamvu kwa munthu ameneyu ndi akuti pulogalamuyi ndi yovomerezeka, siitha masiku, ndipo sidzamutsekera ntchito yake pakati pa usiku.

Chichewa chimatithandiza pamene Chingerezi chimasokoneza. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lonena za chinthu chosalipira komanso chinthu chosamangidwa, pamene ife timasiyanitsa ulere ndi ufulu. Liwu loti Libre, limene lili m'dzina la pulogalamuyi, m'Chifalansa ndi m'Chisipanishi limanena za ufulu. Laisensi yake imalola munthu aliyense kuigwiritsa ntchito, kuikopera anzake, kuona mmene inalembedwera ndi kuisintha. Mbiri yake ndi yaitali ndithu. Inayamba ngati StarOffice ya kampani ya ku Germany, imene Sun Microsystems inagula mu 1999 n'kutsegula malembedwe ake mu 2000 pa dzina la OpenOffice.org. Oracle itagula Sun mu 2010, gulu la anthu amene ankagwira ntchito pa pulogalamuyi linapatuka mu September chaka chomwecho n'kuyambitsa LibreOffice, imene tsopano imayang'aniridwa ndi The Document Foundation, bungwe losachita phindu la ku Berlin. Mbiri imeneyi musailembe pa posita, chifukwa palibe amene angaime mumsewu kuti awerenge zaka. Muisunge pakamwa, pakuti munthu wanzeru aliyense adzakufunsani kuti amene akupereka chinthu chotere popanda kulipiritsa akupindula chiyani, ndipo muyenera kukhala ndi yankho la ziganizo ziwiri: ndalama zoyendetsera bungweli zimachokera kwa anthu opereka mwakufuna kwawo, ndipo pali makampani amene amalipira akatswiri okonza pulogalamuyi chifukwa iwo amapeza ndalama pothandiza maboma ndi mabungwe akuluakulu amene amaigwiritsa ntchito.

Tsopano ndifike pa mfundo imene ndikufuna kuti muigwire ndi manja awiri. Musatsatse pulogalamu, tsatsani ntchito yotha. Inenso ndinayamba ngati inu. Timapepala tanga toyamba ndinatidzaza ndi mayina onse asanu ndi limodzi a zigawo za LibreOffice, Writer, Calc, Impress, Draw, Base ndi Math, lililonse ndi kachizindikiro kake, ndipo nditagawa pambuyo pa mapemphero ndinapeza tambiri tatsala pa mabenchi. Chimene chinanditsegula maso chinali Loweruka lina pamene mayi wina, mlembi wa gulu lothandizana pa maliro, anabwera ndi buku lake lachikuto cholimba limene linali litayamba kuthothoka masamba. M'bukumo munali mayina a mamembala, zopereka za mwezi ndi mwezi, ndi mizere yofufutidwa pamene anaphonya powonkhetsa. Nkhawa yawo inali yoti pamsonkhano wapitawo anthu awiri anatsutsa kuti analipira kale, ndipo iwo anachita manyazi ngati kuti adya ndalama zotumizira thupi kumudzi. Tinakhala pansi n'kulowetsa mayinawo mu Calc, chigawo chowerengetsera chofanana ndi Excel, mwezi uliwonse ndi mzere wake wotsika. Nditawapempha kuti asinthe chopereka cha munthu mmodzi, anaona nambala ya pansi yasintha yokha. Anachotsa magalasi, n'kupukuta ndi m'mphepete mwa chitenje, n'kusinthanso nambala ina kuti atsimikize. Sanandifunse dzina la pulogalamuyo tsiku limenelo. Anafunsa ngati angathe kusindikiza pepala limenelo kuti alipachike pamsonkhano wotsatira. Mlungu wotsatira anabwera ndi msungichuma wa chipereganyu cha amayi a kutchalitchi kwawo.

Kuchokera pamenepo ndinasiya kupanga posita imodzi yolankhula kwa aliyense. Posita iliyonse ilankhule kwa munthu mmodzi za vuto limodzi. Wofuna ntchito ya m'munda, ya m'nyumba kapena ya ulonda ku Randburg akufuna CV yooneka bwino. Telala wa ku Fordsburg kapena mmisiri womanga akufuna koteshoni ndi invoisi zimene kasitomala angazilemekeze. Amene amanyamula katundu wa anthu kupita naye ku Blantyre, Mangochi kapena Mzimba akufuna kaundula wosonyeza mwini katundu, kumene akupita ndi ndalama zimene zatsala. Wophunzira wa pa Wits kapena pa University of Johannesburg akufuna kulemba ntchito ya kusukulu ndi kukonza zoonetsa m'kalasi. Anthu amenewa sangakopeke ndi chiganizo chimodzi. Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi alembi ndi asungichuma a magulu, chifukwa ndi amene kawirikawiri amakhala ndi laputopu, ndipo ntchito yawo imaonedwa ndi anthu ambiri nthawi imodzi. Kumbukiraninso kuti abale athu ambiri zonse amachitira pa foni, ndipo LibreOffice yathunthu ndi ya pa kompyuta ya Windows, macOS kapena Linux, kotero kuthera mapepala pa munthu amene alibe kompyuta n'kutaya inki, pokhapokha ngati mukumuitana kuti adzalembere pa makompyuta a mu shopu yanu.

Mawu a posita ya mlembi wa gulu angakhale otere. Pamwamba, ndi zilembo zazikulu: "Kaundula wa gulu lanu aziwonkhetsa yekha." Pansi pake: "Tikuikirani LibreOffice, pulogalamu yovomerezeka yosafuna laisensi yogula, ndipo tikuonetsani kagwiritsidwe kake." Pomaliza pakhale tsiku, nthawi, malo ndi nambala ya foni imodzi yokha. Onani kuti dzina la pulogalamu labwera pamzere wachiwiri, ndipo nkhani ya kusalipira yabwera ngati chifukwa chokhazikitsira mtima pansi, osati ngati nyambo. Chithunzi chake chisakhale cha anthu ovala masuti otengedwa pa intaneti, amene palibe Mmalawi wa ku Yeoville angadzione mwa iwo. Jambulani pepala lenileni lotuluka mu pulinta yanu, lokhala ndi mayina ongopeka monga a Banda ndi a Phiri, miyezi yake ndi ndalama za marandi, kuti woona azindikire msanga kuti limeneli ndi buku lake lija koma lakonzedwa.

Pa kaonekedwe, yesani zinthu ziwiri musanasindikize zambiri. Choyamba, pangani fotokope yakuda ndi yoyera, muimate pakhoma, mubwerere m'mbuyo mapazi asanu, ndipo ngati mzere wapamwamba sukuwerengeka mwachangu, chepetsani mawu m'malo mochepetsa zilembo. Chachiwiri, itumizeni pa foni yaing'ono yotchipa ndipo muione osaikuza ndi zala, chifukwa kumeneko n'kumene anthu ambiri adzaionere. Chithunzicho chikhale chopepuka, pakuti munthu amene bandulo yake yatsala pang'ono sangatsegule chinthu cholemera chochokera kwa munthu wamalonda. Positayo muipangire mu Draw kapena Impress, zigawo za LibreOffice zojambulira ndi zokonzera zoonetsa, ndipo pansi penipeni mulembe ndi tizilembo tating'ono kuti yapangidwa ndi LibreOffice. Umenewo ndi umboni umene munthu akuugwira m'manja.

Pali chinthu chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musachite, ndicho kulemba kuti pulogalamuyi ndi chimodzimodzi Microsoft Office. Si zoona, ndipo bodza limeneli limabwerera kwa inu msanga. LibreOffice imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word, Excel ndi PowerPoint, otchedwa docx, xlsx ndi pptx, ndipo pa makalata ndi makaundula a tsiku ndi tsiku zimayenda bwino, koma fayilo yokhala ndi matebulo ovuta, zithunzi zolowana ndi mawu kapena ma macro a Excel (timalamulo tochita ntchito tokha) ikhoza kusokonekera. Ilibenso pulogalamu ya maimelo yofanana ndi Outlook. Ndinaphunzira zimenezi ndi chisoni pamene mnyamata wina amene ndinamuthandiza kulemba CV anaitumiza ku kampani ina ngati fayilo ya Word, ndipo itatsegulidwa kumeneko mizere inasuntha, tsamba limodzi n'kusanduka awiri, dzina la womuchitira umboni lili lokhalokha patsamba lachiwiri. Anabwerera kwa ine ali wokhumudwa, ndipo anali ndi chifukwa, pakuti ndinali ndisanamuchenjeze. Gwero la vuto lotere nthawi zambiri ndi mtundu wa zilembo: kompyuta ina ikasowa zilembo zimene munalembera, imaika zina za m'lifupi mosiyana, ndipo mizere yonse imasuntha. Zilembo za Carlito zinapangidwa kuti zifanane muyeso ndi Calibri, za Caladea ndi Cambria, ndipo za Liberation ndi Arial ndi Times New Roman, choncho onetsetsani kuti zilimo m'kompyuta iliyonse imene mwaikamo pulogalamuyi. Koposa zonse, phunzitsani aliyense kuti CV, koteshoni ndi invoisi zimatumizidwa ngati PDF, imene LibreOffice imatulutsa ndi batani limodzi ndipo imaoneka chimodzimodzi kulikonse. Chimenechi mukhoza kuchisandutsa mutu wa posita ya ofuna ntchito: "CV imene sisokonekera ikafika kwa abwana."

Kunena zoona kumakutetezaninso ku malamulo. Lamulo loteteza ogula la dziko lino la South Africa, Consumer Protection Act la 2008, limaletsa kutsatsa malonda mosocheretsa. Musaike chizindikiro cha Microsoft pa posita yanu kapena kulemba ngati mukugawa Word yaulere. Dzina ndi chizindikiro cha LibreOffice nazonso zili ndi mwini wake, amene ndi The Document Foundation, kotero musachisinthe maonekedwe kapena kudzionetsa ngati ndinu nthambi ya bungwelo. Pulogalamuyo muziitenga pa tsamba lake lenileni la libreoffice.org basi, osati pa masamba ena amene amaphatikizamo zinthu zosafunika.

Anthu ena, makamaka akuluakulu a mpingo ndi eni mabizinesi, amafuna kudziwa ngati chinthu ichi chimagwiritsidwa ntchito ndi anthu olemekezeka. Muli ndi zowauza zoona. Mtundu wa mafayilo umene LibreOffice imasungira mwachibadwa, OpenDocument, unavomerezedwa ndi bungwe la miyezo la ISO mu 2006. Nduna za boma la South Africa zinavomereza ndondomeko yokondera mapulogalamu otseguka, amene aliyense angaone mmene analembedwera ndi kuwasintha, mu 2007, ndipo chaka chomwecho boma linaika OpenDocument pa miyezo yake yosinthanirana zikalata. Mu 2024 boma la chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany linalengeza kuti likusamutsira makompyuta ake pafupifupi 30,000 ku LibreOffice. Komabe musakokomeze, chifukwa ndondomeko yolembedwa sikutanthauza kuti ofesi iliyonse ya boma inasintha, ndipo mzinda wa Munich ku Germany, umene unatchuka posamukira ku mapulogalamu otseguka, unaganiza mu 2017 zobwerera ku Windows. Mfundo imodzi mwa zimenezi ndi yokwanira pokambirana, ndipo umboni wa mlembi wa gulu loyandikana nalo umalemera kuposa wa boma lakutali.

Za njira yofalitsira uthenga, dziko lino lili ndi phunziro lake. Cha m'ma 2004, pamene intaneti inali yodula ndi yochedwa, bungwe la Shuttleworth Foundation linayambitsa makina otchedwa Freedom Toaster, amene ankaikidwa m'malo opezeka anthu ambiri kuti munthu abwere ndi CD yopanda kanthu n'kudzikoperapo mapulogalamu otseguka. Anthu amenewo anazindikira kuti chinthu chaulere chimene chimafuna intaneti yambiri kuti uchipeze si chaulere kwa wosauka. Lero ma CD anatha koma vutolo lilipobe, chifukwa fayilo yoikira LibreOffice ndi ya mamegabaiti mazana angapo. Posita yongouza munthu kuti akatsitse yekha pa intaneti yamusiya pakati pa njira. Inu khalani ndi fulashi yokhala ndi pulogalamuyo, ndipo uthenga wanu uziitanira anthu ku tsiku lodziwika, monga Loweruka masana kapena Lamulungu akaweruka kutchalitchi. Poika, musinthe kuti izisunga mafayilo ngati docx ndi xlsx kwa amene amatumizirana zikalata ndi anthu a Word, ndipo amene anazolowera maonekedwe a Office yatsopano muwasankhire maonekedwe ofanana nawo otchedwa Tabbed amene LibreOffice ili nawo. Munthu asachoke asanalembe ndi kusindikiza pepala lake loyamba ndi manja ake.

Phunziro lina ndi la Firefox, pulogalamu yaulere yotsegulira masamba a pa intaneti, imene mu December 2004 inatulutsa uthenga wa masamba awiri mu nyuzipepala ya New York Times, wolipiridwa ndi anthu wamba masauzande ambiri amene mayina awo anasindikizidwa momwemo. Mphamvu ya uthengawo inali m'mayina a anthu amene anaimirira kumbuyo kwake. Kwa ife zimenezi si zachilendo, pakuti kuno ntchito, chipinda chogona ngakhale dalaivala wodalirika wotumiza naye katundu timazipeza kudzera mwa munthu amene tikumudziwa. Pemphani mlembi amene mwamuthandiza kuti anene mawu awiri pa nthawi ya zolengeza, kapena ajambule uthenga wa mawu wa theka la mphindi m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, woti autumize yekha ku gulu lake la WhatsApp. Musatole manambala a anthu m'magulu a mpingo n'kuyamba kuwatumizira malonda mmodzimmodzi. Kupatula kuti ndi mwano, lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu July 2021, limafuna chilolezo cha munthu musanamutumizire malonda pa foni kapena pa imelo ngati sali kale kasitomala wanu. Pitani kwa woyang'anira gululo, mupemphe mwaulemu, ndipo uthengawo udutse m'manja mwake. Mapolo a mumsewu muwasiye, chifukwa mzinda wa Johannesburg uli ndi malamulo ake oletsa kumata zotsatsa popanda chilolezo, komanso, monga ndanena kale, malo amenewo anaipitsidwa mbiri.

Nkhani ya chilankhulo ndiyofunika kuiganizira mofatsa. Chichewa chimafika pamtima, ndipo m'kati mwa tchalitchi, pamsonkhano wa gulu ndi pa WhatsApp ndicho muyenera kugwiritsa ntchito. Koma posita ya panja pa shopu ndingakulangizeni kuti ikhale m'Chingerezi chosavuta. Rosettenville muli anthu olankhula Chizulu, Chisotho, Chishona, Chipwitikizi ndi Chifalansa amene nawonso akufuna CV ndi invoisi, ndipo tonse amene tinali kuno pa ziwawa zolimbana ndi anthu ochokera kunja mu 2008, 2015 ndi 2019 tikudziwa chifukwa chimene abale ena safunira kuonekera pakhomo lolembedwa chilankhulo chakwathu. Musalonjezenso kuti pulogalamuyo idzalankhula Chichewa, chifukwa anthu anu adzaona mabatani a Chingerezi, ndipo chimene mukuwapatsa m'chilankhulo chawo ndi chiphunzitso chanu.

Ngati mukulipiritsa ntchito yoika ndi kuphunzitsa, laisensi sikukuletsani, ndipo ndi bwino kutero chifukwa nthawi yanu ndi lendi ya shopu si zaulere. Chofunika n'chakuti mtengowo ulembedwe poyera pa posita pomwepo, mosiyanitsa kuti pulogalamu silipiridwa koma ntchito ya manja anu ndi marandi akutiakuti. Munthu amene wabwera atawerenga za ulere n'kuuzidwa mtengo atakhala kale pampando amadziona kuti wakodwa mumsampha, ndipo akauza anzake khumi. Ndaonanso kuti mtengo wochepa wolembedwa poyera umachotsa chikayiko china, chifukwa munthu amamvetsa pamene inu mukudyera.

Nthawi yotulutsira uthenga muisankhe potsata zosowa za anthu. January ndi February ndi miyezi ya ofuna ntchito ndi ophunzira oyamba chaka, pamene kumapeto kwa chaka magulu amawerengera ndalama zawo asanagawane ndi kunyamuka ulendo wa kumudzi. Microsoft inasiya kuthandiza Office 2016 ndi Office 2019 pa 14 October 2025, tsiku lomwe inasiyanso Windows 10, choncho makasitomala amene ali ndi mapulogalamu amenewo ali ndi chifukwa chenicheni chomvetsera. Loweruka lachitatu la September ndi tsiku lokumbukira ufulu wa mapulogalamu padziko lonse, ndipo mukhoza kuikapo tsiku lanu lalikulu loikira anthu.

Maposita akale aja muwachotse mlungu uno. Pangani awiri okha atsopano, ina ya alembi a magulu ndi ina ya ofuna ntchito, ndipo patebulo panu pakhale kabuku kolembamo aliyense wobwera, kumene anamva uthengawo ndi ntchito imene anabwerera. Amene avomera kuti muwaimbire, muwaimbire pakatha mwezi umodzi n'kuwafunsa ngati akuigwiritsabe ntchito ndi pamene inawavuta. Posita imene yabweretsa anthu ochepa muisinthe mzere wapamwamba wokha, osakhudza china chilichonse, kuti pakatha mwezi wina mudziwe ngati vuto linali m'mawuwo kapena pamalo pamene munaimata.